Malume, musaipititse kaye kwa okonza

Malume, mwaswera bwanji ku Mchinjiko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali m'minibasi, phokoso lake simukanandimva. Ndamva nkhani yanu ija, yoti laputopu ikukana intaneti kuyambira dzulo pomwe kabokosi ka Wi-Fi kakuyaka bwinobwino, ndiye mukuganiza zoipititsa kwa okonza pa boma. Dikirani kaye, ndalamayo muisunge. Tiyambe tadziwa kuti akudwala ndani, kompyutayo, kabokosiko kapena bandulo.

Tengani foni yanuyo, muthimitse data, muilumikize ku Wi-Fi yomweyo. Ndiye mutsegule Chrome, mufufuze chilichonse, kaya mtengo wa soya. Musayesere pa WhatsApp ayi, chifukwa pali mabandulo ena a WhatsApp yokha, mauthenga amalowa ndithu koma china chilichonse osatseguka. Munthu n'kumaitukwana kompyuta yosalakwa.

Foni ikakananso, ndiye kuti laputopu ilibe mlandu. Yambani ndi bandulo, muone ngati ilipobe. Ndikudziwa munena kuti munagula sabata yatha yomweyi, koma malume, m'nyumbamo muli ana, ndipo pasiwedi ana saiwala. Komanso Windows ili ndi khalidwe loipa, ikangoona Wi-Fi imayamba kudzikokera ma update mwakachetechete, osapempha, mpaka bandulo yonse psiti. Mankhwala ake alipo. Pa Settings, polowa pa dzina la Wi-Fi yanuyo, pali polembedwa Metered connection. Mukayatsa pamenepo imadziwa kuti data ndi yogula, imachepetsa dyera.

Ngati bandulo ilipo, thimitsani kabokosiko, muchotse batire ndi simukhadi, mudikire mphindi imodzi, mubwezere. Ndiye chonde kachokemo m'kabati muja. Ulendo watha ndinakaona kali kuseri kwa TV, kovindikiridwa ndi kansalu koluka. Njerwa zootcha ndi malata zimatchinga netiweki, kaikeni pazenera, chapamwamba.

Eya, china ndingaiwale. Inu muli kufupi ndi malire. Chakumeneko, makamaka mukamayandikira ku Mwami, simukhadi nthawi zina imasiya netiweki yakwathu n'kugwira ya ku Zambia, ndipo bandulo ya kuno siigwira ntchito pa netiweki ya eni. Kuti muone, lembani 192.168.8.1 pamwamba pa Chrome, polemba adiresi paja. Nambala imeneyo ndi ya timabokosi ta Huawei, ngati kanu ndi ka mtundu wina nambala yake yalembedwa pakapepala komata, kunsi kapena pansi pa batire. Tsambalo limatseguka ngakhale intaneti palibe, chifukwa limakhala m'kabokosi momwemo. Mukapeza palembedwa MTN kapena Zamtel, basi, wakuba tamugwira. Musankhe nokha netiweki yanu, kaya ndi TNM kaya Airtel ya ku Malawi, musakasiyire kuti kazidzisankhira.

Tsono tinene kuti foni yatsegula bwinobwino koma laputopu ndiye ikukana. Yang'anani pakona yakumanja, pansi, pafupi ndi wotchi. Mukaona kachithunzi ka ndege, ndiye kuti wina anayatsa Airplane mode. Zimachitika ngakhale popukuta fumbi, chifukwa malaputopu ambiri ali ndi batani lake pamzere wapamwamba paja. Ena akale ali ndi kaswichi m'mbali, munthu umakakhudza osadziwa poinyamula.

Ngati dzina la Wi-Fi likuoneka koma ikukana kulowa, dinani dzinalo ndi batani lakumanja, musankhe Forget, kenako mulembenso pasiwedi pang'onopang'ono, magalasi ali kumaso. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono n'zosiyana, ndipo 0 ndi O zimapusitsa aliyense. Mwinanso mwana wina anasintha pasiwedi kuti anzake oyandikana nawo asamabe, laputopu n'kumayesabe yakale. Afunseni mwaulemu, avomera.

Dzinalo likapanda kuonekeratu pomwe foni ikuliona, pali nkhani ya 2.4 ndi 5 GHz, mitundu iwiri ya mafunde a Wi-Fi. Malaputopu ambiri akale amangoona 2.4 basi. Izo tidzasintha limodzi patsamba lija, musavutike nazo nokha.

Koma chimene ine ndikuchikayikira kwambiri ndi wotchi. Laputopu yanu ija ndi nkhalamba, ndipo munati batire yake inafa, magetsi akangozima nayonso imazima. M'kati mwake muli kabatire kena kakang'ono, kangati kobidi, kosunga tsiku ndi nthawi. Kakatha mphamvu, kompyuta imadzuka ikuganiza kuti tili chaka china chakale, ndiye masamba amakana, n'kumalemba zoti Your connection is not private. Wi-Fi yalumikizika bwinobwino, koma chitseko chotseka. Konzani tsiku ndi nthawi, muona zitseguka. Ngati mawa zabwereranso, apo ndiye mupite kwa okonza akasinthe kabatireko, sikodula.

Chimodzi chokha ndikupempheni, kabowo kolembedwa Reset musakatokose ndi singano. Kamafufuta zonse, dzina ndi pasiwedi zimabwerera zakufakitale, ndiye tiyambirenso ntchito ina.

Ngati muli ndi mafomu ofunika kutumiza lero lomwe, lumikizani foni ku laputopu ndi chingwe chotchajira, muyatsenso data ya foni ndi USB tethering pafonipo kuti laputopu igwiritse ntchito intaneti ya foniyo, mutumize kaye. Mukatero mujambule pakona pali wotchi paja munditumizire pagulu pompano, ndikhala ndili pa intaneti mpaka 9 koloko. Moni kwa onse kunyumbako.