Mawu akasasa miyezi itatu, musaonjezere mankhwala, pitani nawo akaonedwe kukhosi

Achemwali, pepani ndi matendawa. Mwati bambo anu ku Kasungu, a zaka 63, mawu awo anasasa miyezi itatu yapitayo, kenaka kwatuluka chotupa cholimba m'mbali mwa khosi chomwe sichikuwawa. Amwa amoxicillin maulendo awiri koma palibe chasintha. Mukufunsa ngati muwagulire mankhwala amphamvu kufamase kapena mulole achibale awatengere kokatemera mphini. Ine ndikuti zonse ziwiri zilekeni. Ndalama mwasungayo ikhale ya ulendo wa kuchipatala, ndipo ulendowo ukhale wa sabata ino.

Madokotala a khutu, mphuno ndi mmero amawerenga masabata atatu. Chimfine chimasasitsa mawu sabata imodzi kapena awiri. Mlaliki, mphunzitsi kapena woimba kwaya amene wafuula kwambiri, akapuma masiku angapo mawu amabwerera. Koma munthu wamkulu akapitirira masabata atatu ali chisasire, makamaka wosuta, kholingo lake liyenera kuonedwa ndi maso a dokotala. Mwanena nokha kuti bambo akhala akusuta chingambwe kuyambira ali anyamata ndipo kachasu samukana. Fodya payekha amayambitsa khansa ya m'kamwa, ya pammero ndi ya kholingo. Mowa nawo chimodzimodzi, ndipo ziwirizi zikakumana mwa munthu mmodzi chiopsezo chimakwera kwambiri. Ngakhale fodya wa mphuno ndi uja agogo amaika kunkhama sali bwino ayi.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kuposa mawuwo ndi chotupacho. Kwathu kuno timati chinthu chikapanda kuwawa ndiye kuti chilibe vuto, koma pakhosi zimatembenuka. Mwanabere wobwera ndi chilonda kapena dzino lovunda amawawa ukamugwira, ndipo amaphwa yekha matenda aja akatha. Chotupa cholimba, chosawawa, chomangokulirakulira mwakachetechete, ndiye chofunika kuthamangira nacho, chifukwa khansa ya kummero ikayamba kufalikira imayamba yafika m'timitsempha ta anabere ta m'khosi.

Sindikuti bambo ali ndi khansa, ndipo popanda kuwayeza palibe angadziwe zimenezo. Chifuwa chachikulu chimatupitsa anabere a m'khosi, chimathanso kugwira kholingo lenilenilo n'kusasitsa mawu, ndipo chimachizika. Kwa munthu amene ali ndi HIV pali khansa ya Kaposi, yomwe imatulutsa zigamba zofiirira kumwamba kwa m'kamwa, palinso lymphoma, khansa ya anabere. Chithokomiro nacho chimatupa, koma icho chimakhala kutsogolo pakati pa khosi ndipo chimakwera m'mwamba munthu akamameza malovu. Matenda onsewa amafanana ukamangoona ndi kukhudza, koma mankhwala ake ndi osiyana kutalitali. N'chifukwa chake kuonjezera makapisozi n'kungotaya masiku.

Yambirani pachipatala chachikulu cha boma lanu, mutatenga kabuku kawo ka kuchipatala pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse omwe amwa. Akulu athu akafika pamaso pa dokotala amachepetsa matenda, amangoti "kukhosi kuno kukundikereketa pang'ono", basi n'kulandira panado. Ndiye wowaperekezayo alankhule momveka: mawu asasa kwa miyezi itatu, chotupa chili ndi masabata akuti ndipo chikukula, amasuta, amamwa, mankhwala opha tizilombo amwa kawiri osathandiza. Kumeneko ayezedwe makhololo, magazi a HIV ngakhale ali achikulire, ndi kujambulidwa pachifuwa. Kenaka pemphani mwaulemu kalata yowatumiza kwa madokotala a khutu, mphuno ndi mmero (ENT). Kwa inu a ku Kasungu njira ndi ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe. A kummwera ndi ku Queens ku Blantyre, komwe kuli nthambi ya matenda a khutu, mphuno ndi mmero. Musananyamuke funsitsani tsiku lomwe amaona odwala atsopano, kuopa kukagona pakhonde masiku awiri popanda chifukwa.

Bambo muwafotokozeretu zomwe akakumane nazo, chifukwa ambiri amathawa poopa zinthu zomwe sizili choncho. Dokotala amapopera mankhwala ochititsa dzanzi m'mphuno, n'kulowetsa kachubu kofewa kokhala ndi kamera kunsonga, kutsika nako mpaka kuona timinofu totulutsa mawu. Munthu amakhala ali maso, atakhala pampando, ndipo zimatha mphindi zochepa chabe. Pachotupa cha m'khosi amabaya ndi jakisoni woonda kutengako timadzi ndi timinofu tokayeza. Akaona chomera m'kholingomo, amapangana tsiku lowagoneka tulo kuti adule kachidutswa kakang'ono. Kachidutswa kameneko ndiko kamanena zoona ngati ili khansa ndi mtundu wake. Mudzamva ena akuti khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imalusa. Kuyeza kwa kuchipatalaku sikuifalitsa. Chomwe chimaononga ndi kutema chotupa ndi lumo n'kupakamo zitsamba: pamabwera chilonda chosapola, mafinya, ndipo dokotala wa opaleshoni amapeza malo ataonongeka kale. Achibale akaumirira za kumudzi, mapemphero apitirire, koma lumo lisafike pakhosipo.

Zotsatira za kachidutswa kaja zimatenga masabata, nthawi zina kuposa momwe anakuuzirani. Apa ndi pomwe mabanja ambiri amatayikira. Amabwerera kumudzi, mvula yagwa, ntchito ya kumunda yachuluka, amangoti akatifuna atiitana. Musadikire kuitanidwa. Lembani tsiku lomwe anadula, nambala yomwe yalembedwa pachikalata, ndi tsiku lobwerera, ndipo pakhale munthu mmodzi m'banja amene ntchito yake ndi kulondola zimenezi.

Palinso msampha wina womwe ndikufuna muudziwe. Popeza TB ndi yofala, zimachitika kuti munthu wa chotupa cha m'khosi amayambitsidwa mankhwala a miyezi 6 pongoganizira, asanayezedwe chotupacho. Ngati ilidi TB, pakatha mwezi umodzi kapena iwiri munthu amayamba kudya, thupi limabwerera, chotupa chimayamba kuchepa. Mankhwalawo asawasiye okha, koma ngati miyezi iwiri yatha chotupa chikukulabe ndipo mawu sakubwerera, bwererani mukanene, mupemphe kuti chiyezedwe. Osadikira kuti miyezi 6 ithe.

Koma izi zikachitika, za kalata ndi tsiku la kiliniki ziiwaleni: akayamba kupuma mwaphokoso ngati mluzu pokoka mpweya, akamalephera kugona chagada chifukwa chobanika, akamalephera kumeza ngakhale malovu, kapena akalavula magazi ambiri. Pamenepo ndi kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Njira ya mpweya ikamatsekeka madokotala amaboola kabowo kutsogolo kwa khosi n'kuikamo kachubu kopumira. Kamaopsa kukaona koyamba, koma kamapulumutsa moyo, ndipo banja lisakane.

Zikapezeka kuti ndi khansa, chithandizo chimadalira pomwe yafika, ndipo nthawi zambiri amajambula m'kati mwa thupi ndi makina otchedwa CT kuti aone kukula kwake. Khansa ya timinofu ta mawu ili ndi ubwino umodzi: imadziulula msanga posasitsa mawu, ndipo ikagwidwa idakali yaing'ono anthu ambiri amachira, mawu awo n'kutsala. Ikafika m'anabere ntchito imakula, koma chithandizo chilipobe. Pali opaleshoni, pali kuwotcha khansayo ndi cheza cha makina (radiotherapy), pali mankhwala a m'diripi monga cisplatin, ndipo kawirikawiri amaphatikiza. Kuwotchako kumatenga masabata 6 kapena 7, Lolemba mpaka Lachisanu, choncho yambani kuganiza za komwe bambo ndi wowadikirira akakhale mumzinda. Kwa zaka zambiri makina amenewa kuno kunalibe, odwala ankadikira kutumizidwa kunja, ambiri ku India. Pano ku Lilongwe kuli chipatala cha boma cha khansa pa Kamuzu Central pomwepo, ndipo ku Blantyre kuli china cholipira. Akadzati mano ovunda achotsedwe asanayambe kuwotcha, musadabwe, chifukwa nsagwada yowotchedwa imavuta kupola dzino likazulidwa pambuyo pake. Khansa ikakula kwambiri amachotsa kholingo lonse, munthu n'kumapumira pakabowo ka pakhosi moyo wake wonse. Nkhani imeneyo bambo adzaimve okha kwa dokotala ndipo adzasankhe okha, ana musawabisire.

Pakadali pano yang'anirani kadyedwe. Munthu wowonda sapirira chithandizo cha khansa. Ngati nsima ikuvuta kumeza, apatseni phala la Likuni kapena la mgaiwa lothira nsinjiro, mazira, mkaka, nthochi, mapeyala, pang'onopang'ono koma kangapo patsiku. Fodya asiye lero, osati akamva zotsatira, chifukwa wosuta mabala ake amachedwa kupola ndipo kuwotcha kuja sikugwira bwino ntchito. Ululu ukabwera pali morphine wakumwa m'zipatala za boma, ndipo kuli anthu odziwa kusamalira odwala matenda aakulu, monga a Tiyanjane ku Queens ndi a Ndi Moyo ku Salima. Kupempha thandizo lawo sikutanthauza kuti mwataya mtima.

Ndikudziwa kuti abambo a msinkhu umenewu sakonda kulamulidwa ndi mwana wamkazi, ndipo mawu oti khansa akangowamva akhoza kukaniratu ulendo. Musayambe ndi mawu amenewo. Auzeni kuti mankhwala alephera kawiri ndiye dokotala akufunika kuona mkati, ndipo pezani mbale wawo amene amamumvera, kapena mkulu wa kumpingo, kuti awalankhule. Mukawaimbira madzulo ano muwafunsenso zinthu izi n'kuzilemba m'kabuku kaja: kodi khutu la mbali ya chotupayo limawawa, kodi chakudya chimaima pakhosi kapena amatsamwa akamamwa madzi, kodi m'kamwa kapena palilime muli chilonda chosapola, kodi malaya ayamba kuwakulira, ndipo kodi amatuluka thukuta usiku. Khutu lowawa mbali imodzi pomwe m'khutumo mulibe vuto ndi chizindikiro chomwe dokotala wa mmero adzafune kumva, ndiye musaiwale kuchitchula.