Mphwanga, Louis de Funès anadikira mpaka zaka 50

Mnyamata wina wa Fomu 4 wandilembera. Anachita bwino pa zisudzo za Chifalansa kusukulu kwawo, aphunzitsi anawaonetsa filimu ya Louis de Funès, katswiri wa zisudzo zoseketsa wa ku France, basi mtima unapita. Akufuna kutaya mabuku n'kuyamba zisudzo, pomwe bambo ake akuti zimenezo n'za anthu osowa chochita, akaphunzire zowerengera ndalama. Makalata otere amachuluka mayeso akayandikira, ndipo ndimadziwa kuti ena n'kuopa MSCE chabe.

Mphwanga, munthu ukumusirirayo wangomuona atafika kale. De Funès anabadwa mu 1914, ndipo kwa zaka zambiri chomwe chinkamudyetsa ndi piyano, osati zisudzo. Ankayimba m'mabala a ku Paris mpaka usiku kwambiri, anthu akumwa osamuyang'ana n'komwe. Sukulu ya zisudzo ya René Simon analowa mu 1942, ali ndi zaka 28. Mufilimu yake yoyamba, cha mu 1945, anangooneka kamphindi ngati woima pakhomo. Zaka zotsatira zinali za timbali ting'onoting'ono m'mafilimu ambirimbiri, uku akuseweranso pabwalo la zisudzo. Dziko linamudziwa zenizeni mu 1964 ndi filimu ya Le Gendarme de Saint-Tropez, ali ndi zaka 50 ndiponso dazi. Anthu oposa 17 miliyoni amene anakaonera filimu yake ya La Grande Vadrouille ya 1966 ku France anabwera pambuyo pa zonsezi. Kumeneko ndi ku France, komwe mafilimu ali ndi msika. Kuno uyembekezere zolimba kuposa apo.

Ndiye piyano yako ndi chiyani? Ndikufunsa luso loti lizikugulira ufa uku ukudikira. Iwe uli nalo kale limodzi: Chifalansa. Chigwire ndi manja awiri, chikhoza kukupatsa uphunzitsi kapena kumasulira. Lemba MSCE mwamphamvu, chifukwa ku University of Malawi ku Zomba zisudzo amaphunzitsa, ndipo kumeneko salowa ndi kuseketsa anzako m'kalasi.

Inu bambo, mundikhululukire, koma mwanditopetsa makolo osankhira ana ntchito ngati mukuwasankhira malaya. Kodi munapitako kukamuona mwanayu akusewera? Pitani kaye, kenako mukambirane.

Luso mwina uli nalo, mphwanga, sindikukana. Udzandilemberenso zotsatira zikatuluka, undiuze mapointi ako ndi masewero angati waloweza kuchokera lero.