Mafunso Anu pa za Galimoto: Winchi Yoyendera Oyilo Ndiyimangire pa Pampu Iti?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi Land Cruiser ya pikapu imene ndimatutira mpunga ndi nandolo m'madera a Phalombe, ndipo nyengo ya dzinja galimotoyi imatitimira kawirikawiri m'dothi la makande. Ndagula winchi ya hayidiroliki yogwirapo kale ntchito, ya kampani ya Mile Marker. Makaniko wina akuti ndingoilumikiza ku pampu ya chiwongolero, wina akuti ndigule pampu yakeyake. Kodi ndimvere uti? — Wowerenga wathu, Phalombe

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Amakaniko onse awiriwo sakunama, koma aliyense akuganizira ntchito yosiyana, ndipo ntchito imene inu mwafotokoza ikugwirizana kwambiri ndi maganizo a wachiwiriyo.

Winchi ndi chipangizo chokulunga chingwe chokokera galimoto ikatitimira, ndipo ya mtunduwu ilibe mphamvu yakeyake. Mkati mwake muli mota imene imazungulira pokhapokha oyilo akamakankhidwiramo, choncho zonse zimene winchiyo ingachite zimadalira pampu. Pali zinthu ziwiri zimene pampu imapereka, ndipo anthu ambiri amazisokoneza. Choyamba ndi pulesha, imene imayezedwa mu bar kapena psi, ndipo ndi imene imauza winchi kulemera kwa katundu amene ingakoke. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa oyilo amene pampu imatumiza pa mphindi imodzi, ndipo ichi ndicho chimachititsa kuti chingwe chikulungidwe mwachangu kapena mwapang'onopang'ono. Mawinchi a Mile Marker, amene amapangidwa ndi kampani ya ku Florida m'dziko la America, anakonzedwa dala kuti aziyendera pampu ya chiwongolero, ndipo mphamvu imene imalembedwa pa winchiyo imapezeka pamene pampu ikupereka pulesha ya pafupifupi 100 bar, kapena kuti 1,500 psi, ndi oyilo wokwana malita 13 pa mphindi. Pampu zambiri za chiwongolero, makamaka zokalamba, sizifika pamenepo. Pulesha ikatsika kufika pa 70 bar, winchi imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake, ndipo oyilo akamabwera malita 7 okha pa mphindi, chingwe chimayenda theka la liwiro lake. Kuponda moto kwambiri sikuthandiza kwenikweni, chifukwa mkati mwa pampu ya chiwongolero muli kavalavu koletsa kuti oyilo asapitirire mlingo ngakhale injini italira chotani.

Vuto lina limaonekera muli m'matopemo. Pampu ndi imodzi, koma ntchito ndi ziwiri, ndiye pamene winchi ikukoka molimba chiwongolero chimalemera, pomwe nthawi imeneyo ndi imene mukufuna kukhotetsa mateyala kuti atuluke m'mikwaso. Komanso kathanki ka chiwongolero kamasunga oyilo wochepa kwambiri, amene amatentha msanga. Oyilo akadutsa madigiri 80 amapyapyala ndipo mphira zotsekera zimayamba kuuma. Munthu amene galimoto yake imatitimira mwa apo ndi apo angathe kukhala ndi njira imeneyi popanda vuto, bola aonjezere karediyeta koziziritsira oyilo ndi sefa pa paipi yobwerera, ndipo ndi njira yotsika mtengo ndithu.

Kwa inu amene mumakoka galimoto yodzaza matumba, pampu yakeyake ndiyo yoyenera. Ingamangidwe m'njira ziwiri. Ina imaikidwa pambali pa injini n'kumazungulitsidwa ndi lamba, ili ndi kalachi ya magetsi yofanana ndi ya kompulesa ya mpweya wozizira, kotero kuti mumaiyatsa ndi switchi pokhapokha mukufuna kukoka. Ina imatenga mphamvu ku PTO, kachitsulo kozungulira kotulutsa mphamvu ya injini pa bokosi la magiya, monga mmene zimakhalira pa mathirakitala ndi malole a tipa. Njira ya PTO ndi yolimba chifukwa mulibe lamba woterereka akanyowa, koma muyenera kuyamba mwaonetsetsa ngati bokosi la galimoto yanu lili ndi khomo lake. Kukula kwa pampu kumawerengedwa mosavuta: pampu yotulutsa 10 cc ikazungulira kamodzi imapereka malita 15 pa mphindi ikamazungulira ka 1,500. Kuti mudziwe mphamvu imene injini idzapereke, chulukitsani ma bar ndi malita n'kugawa ndi 600, ndipo pa 100 bar ndi malita 15 mupeza makilowati awiri ndi theka. Musakopeke ndi pampu yaikulu ya tipa chifukwa choti yapezeka motchipa, pakuti winchi iliyonse ili ndi malire a oyilo amene ingalandire, ndipo wotsalayo amangosanduka kutentha.

Pampu yakeyake imafuna thanki yake, ndipo ambiri amatsata lamulo loti thanki isunge oyilo wosachepera amene pampu imatumiza pa mphindi imodzi. Thankiyo ikhale pamwamba pa pampu, ndipo paipi yoyamwira ikhale yaifupi, yonenepa kuposa zinazo, komanso yosafwafwanyika. Mukamva pampu ikulira ngati mwalowa timiyala, ndipo oyilo wa m'thanki akuchita thovu, dziwani kuti ikuyamwa mpweya kapena ikuperewera oyilo, ndipo siikhalitsa. Chinthu chimene simuyenera kulola makaniko aliyense kuchisiya ndi valavu yopumira, imene imabwezera oyilo ku thanki pulesha ikapyola malire. Pampu ya chiwongolero imabwera nayo mkati, koma pampu wamba ya magiya kawirikawiri ilibe, ndipo popanda valavuyi chingwe chikakakamira paipi imaphulika. Valavuyi itcheredwe ndi geji yoyezera pulesha, osati mongoyerekeza.

Onaninso ngati winchiyo ikulingana ndi galimoto. Mwambo wake ndi woti ikoke kulemera kwa galimoto yodzaza kuchulukitsa ndi 1.5, choncho galimoto ya makilogalamu 3,300 imafuna winchi yokoka pafupifupi makilogalamu 5,000, ndipo mphamvu imeneyo imapezeka pa mzere woyamba wa chingwe pa dilamu, chitsulo chimene chingwe chimakulungidwapo.

FUNSO: Anzanga amandiuza kuti winchi ya oyilo ndi yabwino powoloka mitsinje chifukwa siopa madzi. Kodi n'zoona? — Dalaivala, Chikwawa

YANKHO: N'zoona pang'ono chabe. Mota ya oyilo ndi yotsekeka ndipo imakoka ngakhale itamira, komanso imatha kugwira ntchito nthawi yaitali osapumira, pomwe winchi ya magetsi ikamakoka molimba imatha kumwa ma ampiya oposa 400 pamene alitaneta wamba amapereka pafupifupi 100 okha. Koma pampu imazungulira pokhapokha injini ikulira. Injini ikazima pakati pa mtsinje chifukwa yamwa madzi, winchi ya oyilo nayonso yaima pomwepo, ndipo kuyesa kuliza injini yomwa madzi kumapinda zitsulo za mapisitoni. Pamenepo winchi ya magetsi imakupatsani mphindi zingapo za batire. Ngati mumawoloka madzi akuya, yendani ndi chokokera cha pamanja ngati chithandizo.

Mukaona oyilo akudontha mutatuluka m'madzi, musafufuze poboka ndi chala injini ikulira. Oyilo wa pulesha ya 100 bar amatuluka ngati singano n'kulowa pansi pa khungu, ndipo bala lake, ngakhale limaoneka laling'ono, limafuna opaleshoni mwamsanga. Zimitsani injini, sunthani chogwirira cha valavu yoyendetsera winchi uku ndi uku kuti pulesha ithe, ndipo mukafuna kupeza malo oboka injini ikulira, yendetsani kachidutswa ka katoni m'mbali mwa paipi mutavala magalasi otetezera maso.