Sabata imodzi pa motorhome ku mapiri a Scotland: yankho kwa bambo wa ku Leicester

Bambo wina wa ku Leicester wandilembera pa imelo. Akuti mu Ogasiti akufuna kuchita hayala motorhome, galimoto zija zokhala ndi mabedi, pophikira ndi chimbudzi momwemo, kuti ayende ndi akazi awo, ana awiri ndi mayi awo amene akubwera kudzacheza kuchokera ku Malawi. Tchuthi chawo ndi sabata imodzi. Anaona zithunzi za msewu wa North Coast 500 pa Facebook, ndipo mtima wawo uli komweko. Akufunsa ngati zingatheke, komanso poyambira.

Achimwene, kutheka zitheka, koma ine ndikukuletsani. Tiyeni tiwerengetse. North Coast 500 ndi mamailosi 516, kuchoka ku Inverness n'kuzungulira mpaka kubwerera ku Inverness komweko. Kuchoka ku Leicester kukafika ku Inverness ndi mamailosi oposa 450, ndiye muwirikize kawiri poti mudzabwerera. Zonse pamodzi zikupitirira 1,400 m'masiku asanu ndi awiri, pa galimoto yotambalala imene simunayendetsepo, ndipo malo ambiri kumadzulo kwa msewuwo ndi kanjira kokwana galimoto imodzi basi. Inuyo mudzangoona phula. Ana adzayamba kukangana tsiku lachitatu lisanathe, agogo miyendo idzatupa. Sadzadandaula, poti ndi alendo, koma akadzafika kumudzi adzanena.

Ulendo umene ndikukupatsani ndi wozungulira, wa mamailosi pafupifupi 350, woyambira ndi kuthera ku Glasgow. Pitani kumeneko pa galimoto yanu, motorhome mukatengere konko, ndipo mufunsiretu ngati kampaniyo imalola kusiya galimoto pamalo pawo. Sindikuona chifukwa chothera dizilo ndi masiku a hayala pa msewu wa M6.

Musanakwere kumapiri, aonetseni agogo Blantyre weniweni. Ali m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kum'mwera chakum'mawa kwa Glasgow. David Livingstone anabadwira kumeneko pa 19 Malichi 1813, m'chipinda chimodzi cha nyumba yotchedwa Shuttle Row, ya antchito a pafakitale ya thonje. Nyumbayo ilipobe, ndi malo osungirako mbiri yake, ndipo anaitsegulanso mu 2021 ataikonza. Mishoni ya Blantyre kwathu, ya mu 1876, inatenga dzina kumeneku. Ngati mayi anu ndi a CCAP, musawafulumizitse. M'mawa wonse upite basi.

Kuchoka apo gwirani A82 kulowera kumpoto, m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond. Mpaka pa Tarbet msewu ndi wabwino. Mukadutsa Tarbet umapanikizika: kumanzere kwanu thanthwe, kumanja mabasi a alendo ndi malole akubwera, kuseri kwawo madzi. Galasi lam'mbali la motorhome limatuluka kwambiri, ndipo likaphwanyika amadula pa ndalama ya chikole imene munasiya. Dutsani pamenepa m'mamawa, pang'onopang'ono. Mzere wa magalimoto ukatalika kumbuyo kwanu, patukani pamalo oyenera adutse. Anthu a kumeneko amathamangira kuntchito pa msewu womwewo.

Kenako msewu umakwera n'kulowa m'dambo lalikulu la Rannoch Moor, lopanda mudzi ngakhale mitengo yowerengeka, n'kutsikira m'chigwa cha Glencoe. Apa ndi pamene ndikufuna muthere nthawi. Mapiri amaima mbali zonse ziwiri, mathithi akutsika m'mathanthwe, ndipo nyengo imasintha mukuona. Chigwachi chili ndi mbiri yowawa. Pa 13 Febuluwale 1692 asilikali a boma anapha anthu oposa 30 a fuko la MacDonald, anthu omwewo amene anawasunga ndi kuwadyetsa m'nyumba zawo kwa masiku angapo. A Scotland sanaiwale mpaka lero, makamaka chifukwa opha anali alendo odya m'mbale ya eni nyumba. Nkhani yonse amaifotokoza pamalo olandirira alendo a bungwe la National Trust for Scotland, pomwenso pali poimika galimoto yaikulu. Kanjira kolowera ku Glen Etive kasiyeni, n'kopapatiza ndipo potembenukira m'posowa.

Gonani masiku awiri cha ku Fort William, m'chigwa cha Glen Nevis ngati mwapeza malo. Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse ku Britain, ndi mamita 1,345, osafika ndi theka lomwe la Sapitwa wa ku Mulanje, amene ndi 3,002. Musalipeputse. Mumayambira pafupi ndi nyanja, kukwera ndi kutsika kumadya tsiku lonse, ndipo pamwamba pamazizira ngakhale mu Ogasiti. Agogo ndi ana akwezeni pa gondola ya Nevis Range, kangolo koyenda pa chingwe m'mwamba, imene imakufikitsani mamita 650 pa phiri loyandikana nalo mutakhala pansi. Madzulo pitani ku Banavie mukaone mabwato akukwera zipata zisanu ndi zitatu za madzi pa ngalande ya Caledonian Canal, imene inatsegulidwa mu 1822. Kuonera n'kwaulere.

Tsopano za tizilombo totchedwa midge, poti zithunzi za pa Facebook sizitionetsa. Ndi tating'ono kuposa udzudzu, sitipatsa malungo, koma timabwera chigulu, kulowa m'tsitsi, m'makutu, m'mphuno. Timachuluka kumadzulo kuno kuyambira Juni mpaka Ogasiti, makamaka m'mamawa ndi madzulo kukakhala bata ndi chinyezi. Kukawomba mphepo timasowa. Choncho posankha poimika motorhome, sankhani pamtetete, osati pansi pa mitengo m'mbali mwa madzi ngakhale pakukongola bwanji. Gulani mankhwala odzola, monga Smidge, ndi tiukonde tovala kumutu. Mudzadziseka pogula, koma mudzativala. Ana akasewera m'maudzu ataliatali muziwayang'ana nkhupakupa madzulo, chifukwa zina zimapatsa matenda a Lyme.

Kuchoka ku Fort William kupita ku Inverness ndi mamailosi pafupifupi 65, kudzera ku Fort Augustus ndi m'mbali mwa Loch Ness. Imani mujambule, mudye, mupitirire. Sindingagoneko.

Masiku ena awiri apatseni chigwa cha mtsinje wa Spey, cha ku Aviemore. Mbali imeneyi mvula ndi yocheperako kuyerekeza ndi kumadzulo, midge nazonso n'zochepa. Pa Glenmore pali malo ogona pafupi ndi nyanja ya Loch Morlich, yokhala ndi mchenga m'mphepete, mapiri a Cairngorms ali poteropo. Pomwepo pali gulu la nyama zonga agwape zotchedwa reindeer, zimene zinabwera kuchokera ku Sweden mu 1952, ndipo ana akhoza kukaziona. Pobwerera mudzatsika ndi A9, kudutsa pa Drumochter, kenako Pitlochry, n'kufika ku Dunkeld m'mbali mwa Tay, mtsinje wautali kuposa yonse ku Scotland. Pa A9 pali makamera oyeza liwiro la mtunda wonse, osati la pamalo amodzi. Funsani kulemera kwa motorhome yanu isanapakidwe katundu: ikapitirira matani 3.05, malire anu a liwiro pa msewu wamba ndi mamailosi 50 pa ola, osati 60.

Mwalemba kuti mwamva zoti ku Scotland munthu amagona paliponse. Lamulo la mu 2003 limalola woyenda pansi kumanga tenti m'tchire, koma silikhudza magalimoto. Cha ku Loch Lomond kulinso malamulo apadera kuyambira Malichi mpaka Seputembala, ndipo malo ena amafuna chilolezo. Inu muli anthu asanu, chimbudzi chimodzi. Kathanki kake kamadzaza msanga, ndipo kamakhuthulidwa pamalo okonzedwera zimenezo okha, osati m'ngalande kapena m'chimbudzi cha anthu onse. Ntchito imeneyi ndi yanu, bambo, musayang'ane amayi a kunyumba. Lipirani malo ogona enieni, okhala ndi magetsi, mabafa ndi pokhuthulira, ndipo sungitsani malowo panopa. Ngati kuntchito angalole, sankhani sabata za kumapeto kwa Ogasiti: ana a sukulu a ku Scotland amakhala atatsegulira chapakati pa mweziwo, pamene ambiri a ku England akadali pa tchuthi, koma onani tsiku la ana anu, poti sukulu za ku Leicester zimatsegulira Ogasiti asanathe.

Pochita hayala, choyamba kufunsa ndi malamba, osati mabedi. Motorhome zambiri zimagoneka anthu asanu ndi mmodzi koma mipando ya malamba ndi inayi yokha, ndipo inu mukufunika isanu. Laisensi wamba ya ku Britain imalola galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500, kuwerengera anthu, katundu ndi madzi a m'thanki, ndiye musamayende thanki ili yodzaza. Ngati akazi anu akadali ndi laisensi ya ku Malawi, imagwira ntchito miyezi 12 yokha chikhazikikireni m'dziko muno, ndipo sangaisinthanitse ndi ya ku Britain ngati mmene zimakhalira ndi ya ku Zimbabwe kapena South Africa. Makampani alinso ndi malamulo awoawo a zaka za woyendetsa. Za mowa, malire a ku Scotland ndi otsika kuposa a ku England kuyambira 2014, kotero mukalawa whisky wa ku Spey usiku, musadzuke n'kugwira chiwongolero m'mamawa.

Ufa nyamulani kuchokera ku Leicester, pamodzi ndi mthiko ndi poto wanu wa nsima, chifukwa timapoto ta mu motorhome n'topepuka ndipo timapsereza. Ndiwo mudzagula ku Fort William ndi ku Aviemore, masitolo akuluakulu aliko. Agogo muwagulire jekete ya mvula ndi nsapato zotseka asananyamuke, ndipo bedi lapansi likhale lawo, ana akwere la pamwamba pa dalaivala.