Tiziti "maburundi" kapena "othawa kwawo"?

Funso: Ndine mayi wa Mvano ku Chinamwali. Tikusonkha ufa, sopo ndi zovala zoti tikapereke ku Dzaleka. Polengeza m'tchalitchi, mlembi wathu anati "thandizo la maburundi", ndipo amayi ena anang'ung'udza. Kodi analakwitsa? Tizinena kuti chiyani?

Yankho: Mayi, amene anang'ung'udzawo anamva bwino. Vuto lili pa "ma-" wakutsogoloyo. M'Chichewa anthu timawayambitsa ndi "a-": alimi, Alomwe, Ayao, alendo. "Ma-" ndi wa makasu, matumba ndi mabokosi. Alipo mawu obwereka ngati madokotala ndi maloya amene sanyoza munthu, koma "ma-" akamatidwa pa dzina la dziko kapena mtundu amamveka ngati mukuwerenga katundu. Abale athu ku Joni amatchedwa makwerekwere, ndipo amene anabwera pa mabasi atathawa zipolowe za mu 2008 ndi 2015 angakuuzeni mmene dzinalo limawawira.

Komanso mawu oti "maburundi" ndi abodza. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, ambiri ndi ochokera ku Congo. A ku Burundi ndi ku Rwanda akubwera pambuyo, ndiye pali ena a ku Somalia ndi ku Ethiopia. Msasawo unatsegulidwa mu 1994 pamalo pamene panali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu, ndipo lero muli anthu oposa 50,000, kuposa kwambiri chiwerengero chimene anakonzera malowo. Onsewo kuwaunjika m'dzina limodzi la "maburundi" ndi ulesi wa pakamwa. Nenani "abale athu othawa kwawo", kapena "othawa nkhondo" ngati chinawathamangitsa ndi nkhondo. Akulembereni bwino mlembiyo: mmodzi ndi "wothawa", ambiri ndi "othawa".

Funso: Ndikuphunzira pa University of Malawi ku Zomba. Bwanji timati "wothawa kwawo" pamene munthuyo ndi mmodzi? Si "wothawa kwake"?

Yankho: Ayi, achimwene, "kwawo" ali pamalo pake. Kumudzi si kwa munthu mmodzi. Ngakhale mutakhala nokha m'chipinda ku Chikanda, mukafunsidwa mumati "kwathu ndi ku Jali", simunena kuti "kwanga ndi ku Jali". "Kwake" ndi nyumba imene munthu wamanga kapena akuchita lendi. "Kwawo" ndi kumene kuli mchombo wake ndi manda a makolo ake. Mkazi akakangana ndi mwamuna nkunyamula katundu, timati wapita kwawo. Akabwerera kubanja, wabwerera kwake. Ndiye wothawa kwawo wasiya zambiri kuposa nyumba.

Funso: Ndimalalikira pa mpingo wina ku Matawale. Pa Mateyu 25 Yesu akudzitcha mlendo. Kodi "mlendo" ndi "wobwera" ndi chimodzimodzi? Nanga "chisoni" ndi "chifundo"?

Yankho: Abusa, mawu awiri oyambawo asiyana fungo. Mlendo amayalidwira mphasa, amaphedwera nkhuku, ndipo mwambi umati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa, choncho musamuwerengere nsima. "Wobwera" ndi mawu a pamlandu wa munda: "inu ndinu obwera, malo ano ndi a mbadwa". Amatuluka pakamwa munthu akafuna kukumbutsa mnzake kuti alibe gawo. Pa guwa, gwiritsani "mlendo".

Komabe mwambi wa mamewo musaukhulupirire kwambiri. Anthu a ku Mozambique amene anathawira kuno m'zaka za m'ma 1980 anapitirira 1 miliyoni, ndipo ambiri anadikira mpaka pangano la mtendere la mu 1992 kuti ayambe kubwerera. Ku Dzaleka kuli anyamata obadwira konko amene Chichewa chawo n'chosalala kuposa cha ana ena a m'tauni muno. Levitiko 19 amakamba za mlendo wotereyu, wokhala nanu, kuti mumuyese ngati mbadwa.

Za chisoni ndi chifundo n'zachidule. Chisoni timamva, chifundo timachita: "ndamumvera chisoni", koma "ndamuchitira chifundo". Mungathe kumvera munthu chisoni muli pa kabaza nkudutsa osaima. Amayi a ku Chinamwali aja, ndi matumba awo a ufa, ali pa mneni wachiwiriyo, ndipo mu ulaliki wanu wa Lamulungu musankhe mneni molingana ndi chimene mukufuna mpingo ukachite Lolemba.