Kodi apambane ndi wolankhula mokoma kapena wa mfundo zolimba?

Mwafunsa ngati woweruza mtsutso wa ophunzira ayenera kupambanitsa amene walankhula mokoma kapena amene mfundo zake zalimba. Pa mipikisano yotsatira ndondomeko ya World Schools (ya mitsutso ya ophunzira a m'maiko osiyanasiyana), malikisi amagawidwa patatu: 40 pa mfundo, 40 pa kalankhulidwe, ndi 20 pa kasanjidwe ka mfundozo komanso kusamala nthawi. Choncho luso la pakamwa lili ndi gawo lalikulu ndithu. Komabe ine ndimaona kuti wophunzira amene walankhula mosadodoma mpaka omvera kumuombera m'manja, koma osayankha mfundo yaikulu ya amene akutsutsana naye, sayenera kupambana, chifukwa mfundo yosatsutsidwa imakhalabe chiimire. Mumupatse malikisi ake a kalankhulidwe mosamumana, koma musanalengeze zotsatira, werenganinso zimene munalemba kuti muone mafunso amene anawazemba.