Mafunso a Owerenga: Ulendo wa ku Beira m'Nyengo ya Anamondwe

Funso: Akonzi, ine ndimayendetsa galimoto yonyamula feteleza kuchokera kudoko la Beira, ndipo abwana anga akufuna kuti ndizipitako ngakhale mu February ndi March. Kodi anthu a m'mphepete mwa nyanja kumeneko amadziteteza bwanji ku namondwe, nanga ine mlendo ndingachite chiyani? — Wowerenga wa ku Balaka

Yankho: Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, chifukwa nyengo ya anamondwe m'chigawo chino cha nyanja ya Indian imayamba mu November n'kutha mu April, ndipo miyezi mwatchulayo ili pakatikati pa nyengoyo. Namondwe wa Idai anafika ku Beira usiku wa pa 14 March 2019 ndipo anapha anthu oposa 600 m'dziko la Mozambique lokha. Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti mphepo imasasula madenga ndi kugwetsa mitengo, koma chimene chimapulula anthu kwambiri ndi madzi. Mzinda wa Beira uli pamalo otsika pafupi ndi pamene mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imathira m'nyanja, choncho mvula ikachuluka pa nthawi imene nyanja yakwera, madzi amasowa kolowera. Pa nthawi ya Idai msewu wa EN6, womwe inu mumadutsa kuchokera ku Chimoio, unaduka m'boma la Nhamatanda, ndipo mzindawo unakhala masiku angapo wopanda magetsi, wopanda foni, komanso wosafikika pagalimoto. Pambuyo pake kunabuka kolera.

Kukonzekera kwa anthu a kumeneko kuli pawiri. Mbali ina ndi ya zomangamanga: ngalande zikuluzikulu zotaya madzi zinakonzedwanso ndi thandizo la World Bank, ndipo mtsinje wa Chiveve, umene umadutsa pakati pa mzinda ndipo unali utatsekeka ndi zinyalala, unatsegulidwa kuti madzi aziyenda. M'madera ena akubzalanso mitengo ija imamera m'matope a madzi amchere, popeza mizu yake imagwira nthaka ndi kufooketsa mafunde. Mbali yachiwiri, yomwe ife tikuiona kuti ndi yofunika koposa, ndi ya chenjezo. Bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la INGD lili ndi makomiti a anthu odzipereka m'midzi ndi m'makomboni, amene amayenda ndi zimkuzamawu n'kumauza anthu kuti asamukire kusukulu kapena kumalo okwera. Chenjezo la namondwe limaperekedwa ndi mitundu itatu: labuluu likutanthauza kuti angafike pakati pa maola 24 ndi 48, lachikasu pasanathe maola 24, ndipo lofiira pasanathe maola 6.

Kuti njira imeneyi imapulumutsa miyoyo zinaoneka kale ku Bangladesh, kumene namondwe wa mu 1970 anapha anthu osachepera 300,000. Dzikolo linakhazikitsa gulu la anthu odzipereka ochenjeza anzawo, n'kumanga nyumba zothawirako zokhala pamizati, zomwe masiku wamba zimagwira ntchito ngati sukulu, ndipo anamondwe amphamvu a zaka zaposachedwapa sanaphe anthu ochuluka chotero.

Tsono kwa inu, nzeru yaikulu ndi kusanyamuka pamene chenjezo laperekedwa. Akatswiri a Météo-France, nthambi yoona zanyengo ya dziko la France, amene ali pachilumba cha La Réunion, amatsatira namondwe aliyense adakali kutali panyanja, ndipo nthambi zoona zanyengo za ku Malawi ndi ku Mozambique zimalengeza kudakali masiku angapo, motero musanawoloke chipata cha Mwanza kulowa ku Zobue mvetserani wailesi, ndipo mukafika ku Tete mufunsenso madalaivala amene akuchokera kunyanja. Ngati chenjezo lakupezani muli kale ku Beira, musadikire mzere wa padoko; tulukani msanga mukagone ku Chimoio, komwe ndi kokwera, ngakhale kuti nakonso mphepo imafika. Pasipoti ndi mapepala a katundu muziike mu pulasitiki yosalowa madzi, muzikhala ndi ndalama za meticais m'thumba chifukwa magetsi akazima makina a banki sagwira ntchito, ndiponso mugule mankhwala othira m'madzi akumwa, amene kumeneko amadziwika kuti Certeza. Musayese kuwoloka pamlatho pamene madzi asefukira, ngakhale galimoto yanu ndi yolemera, pakuti simungaone ngati nthaka ya pansi yakokoloka. Abwana anu muwauze mwaulemu kuti feteleza wonyowa alibenso phindu kwa aliyense.

Funso: Ife a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, kodi nkhani za anamondwezi zikutikhudza, popeza nyanja yamchere ili kutali? — Mayi wa ku Salima

Yankho: Zikukukhudzani ndithu, mayi. Namondwe wa Freddy anatera pafupi ndi mzinda wa Quelimane ku Mozambique pa 11 March 2023, koma patapita masiku owerengeka mvula yake inagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu mazanamazana anafa. Mu 2024 madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Funsani kwa amfumu ngati komiti yoona za ngozi ya m'mudzi mwanu ikugwira ntchito, mugwirizane mvula isanayambe za sukulu kapena tchalitchi chimene mungathawireko, ndipo mudziwiretu amene adzanyamule okalamba ndi odwala. Asodzi a m'banja mwanu asamalowe m'madzi pamene a zanyengo alengeza za mphepo ya mwera.